Amene Anagula Njira Aimirire

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, munthu akamwalira mu mpingo wa Nyali Zisanu ndi Ziwiri ku Chimwankhunda, nyimbo yoyamba inkatuluka m'kamwa mwa Mayi Beatrice Kampira. Iwo ndiwo anali mkulu wa amayi, ndipo mumpingomo mkulu wa amayi ndi amene amayenda patsogolo pa bokosi atavala bulauzi yoyera ndi mpango woyera, n'kumayambitsa nyimbo kuti ena onse azilandira. Mawu awo sanali okoma, tisanamizane. Koma anali amphamvu. Akayamba kuimba panyumba ya siwa, makondakitala a minibasi kumsewu ankadziwa kuti kwagwa zovuta.

Kenaka kunabwera Tionge.

Anthu ankamutchula kuti Mayi Chimtengo, poti anali mkazi wa a Fabiano Chimtengo, telala wa ku Limbe amene anasamukira ku Chimwankhunda n'kusankhidwa kukhala mkulu wa mpingo pasanathe zaka ziwiri. Mayi Kampira nawo pakamwa ankati Mayi Chimtengo. Mumtima ankangoti Tionge. Munthu wamsinkhu umodzi ndi Davie, mwana wawo woyamba, angakhale bwanji mayi kwa iwo?

Tionge sanalande kanthu, ndipo chowawa kwambiri chinali chimenecho. Pamaliro ankakhala kumbuyo, kudikira kuti Mayi Kampira ayambitse, kenaka n'kulandira ngati wina aliyense. Koma akangotsegula pakamwa mitu inkatembenuka. Mawu ake ankakwera pamwamba pa ena onse mosavutikira, ndipo amayi amene kwa zaka zambiri ankaimba ngati akukoka thumba la makala ankadzidzimuka n'kuyamba kuimba ndi mtima wonse. Nyimbo inkayambira kutsogolo, koma inkakakhazikika kumbuyo.

Tsiku lina akuchokera kumanda, a Gervazio, amuna a Mayi Kampira, analakwitsa kuyankhula.

"Mayi a Davie, mwamumva mkazi wa a Chimtengo? Mawu ngati amene aja, ngakhale wofedwa amayamba waleka kulira kuti amvetsere."

"Kani inu mumapita kumaliro kukamvetsera mawu a akazi a eni?"

"Ndangonenapo."

"Ine ndaimba zaka zonsezi mpaka kukhosi kuuma, simunangonenapo ngakhale tsiku limodzi."

A Gervazio anali mlonda wopuma pantchito, munthu wosakonda phokoso. Anakonza chipewa chawo n'kutsogola.

Chisankho cha amayi chinachitika mu Januwale. Mumpingomo savota ndi mapepala. Opikisana amaima kutsogolo atayang'ana kukhoma, ndipo aliyense amakaima kumbuyo kwa amene akumufuna. Mayi Kampira anaima monga ankaimira chaka chilichonse, manja atawapinda pamimba, akumvetsera mapazi akukhwekhwereza pasimenti. Atauzidwa kuti atembenuke, anapeza kumbuyo kwawo kuli amayi khumi ndi mmodzi. Mzere wa Tionge unadutsa mabenchi onse n'kukatulukira pakhomo. Mumzeremo munali amayi amene Mayi Kampira anawalangiza okha pa ukwati, ena anawaperekeza kuchipatala kukachira, ena anawaimbira poika amuna awo. Onse ankayang'ana pansi, koma palibe anasuntha.

Tionge anabwera kudzawagwadira. "Amayi, ine ndine mwana wanu. Muzindiphunzitsa."

"Mukudziwa kale zonse, Mayi Chimtengo," anayankha akumwetulira. Akanakonda mwanayo akanangowanyoza poyera. Tsono munthu wagwada pamaso pa mpingo wonse, ungamutani?

Mu Juni, mayi wa a Fabiano anamwalira kwawo ku Dedza, ndipo mpingo unachita hayala minibasi kukakhuza. Mayi Kampira anati mwendo watupa. Mwendo unali bwinobwino. Chimene sakanatha n'kuyenda ulendo wonsewo kuti akaime kumbuyo kwa Tionge pamaso pa anthu achilendo. A Gervazio anapita, ndipo atabwerako anangoti maliro ayenda bwino.

Patatha sabata Mayi Kampira anakwera minibasi kupita ku Limbe kukagula chitenje kwa Khadijah, mnzawo wakale amene anali ndi benchi ya nsalu pafupi ndi msika. Khadijah anali Msilamu, koma nsalu yoyera yonse ya yunifomu ya amayi a Nyali inkagulidwa kwa iye. Amuna ake, a Mikaili, ndiwo anayendetsa minibasi ya ku Dedza ija.

"Asisi, mwasowatu! Mwendo uli bwanji? Bambo a Rania amati munatsala."

"Ukuchira."

"Munaphonya zinthu. Koma mpingo wanu uli ndi mwamuna, ndikuuzeni. A Chimtengo aja! Ukawaona pamakina pawo akusoka sungaganize."

"Anatani?"

Khadijah anachotsa mulu wa zitenje pampando kuti mnzake akhale.

"Atangosiya tala kulowa msewu wafumbi, anakumana ndi zilombo. Gule, asisi! Zinayi, zodzola matope thupi lonse, zina ndi zikwanje m'manja, zitatseka msewu. Kunali maliro ena m'mudzi wapafupi. Bambo a Rania akuti giya yobwerera m'mbuyo osaipeza, munthu woti wayendetsa galimoto zaka makumi atatu. Amayi anu onse anafunda zitenje kumutu, ena mpaka pansi pa mipando, kuitana Yesu ngati ali pasiteji yapafupi. Ndiye a Chimtengo anangoti, 'Adalaivala, zimitsani injini.' Anatsika. Anapita komweko chilili, osathamanga, osagwada. Anayankhula nazo pang'ono chabe, chomwe ananena palibe anamva. Basi, zilombo zija zinapatuka. China mpaka chinawavinira powatsazika! Bambo a Rania akuti akanapanda iwo, magalasi onse akanathera pomwepo."

Khadijah ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Mayi Kampira sanaseke. Iwo anakulira ku Nsanje, pafupi ndi mishoni kumene gule sankafikako, koma ankadziwa kuti chilombo suchiyandikira chilili ngati sunalowe. Kumidzi ya gule mnyamata amatengedwa kupita kudambwe, kumene zilombo zimachokera, n'kukamuonetsa zinsinsi zake. Akatulukako amati wagula njira, ndiye kuti angathe kukumana nazo pamsewu osathawa. A Fabiano anagula njira. Mkulu wa mpingo, wogawa mgonero Lamulungu, anali wa gule. Ndipo malamulo a Nyali ankanena momveka bwino kuti mwamuna akaimitsidwa, mkazi wake sangakhale paudindo.

Mayi Kampira anagula chitenje choyamba chimene dzanja linagwira, ndipo m'malo mokwera minibasi ya ku Chimwankhunda anakwera ya ku Blantyre.

Abusa Vitalis, mbusa wa mpingowo, anali munthu wachinyamata, ndipo pakati pa sabata ankagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni. Mayi Kampira anawadikira pakhonde mpaka nthawi ya nkhomaliro. Abusa anatuluka ndi chipisi m'kapepala.

"Abusa, ine miseche sindikonda, mukundidziwa."

"Ndikukudziwani, amayi."

"Ndipo a Chimtengo ndilibe nawo chifukwa. Koma chikho cha Ambuye chikamagwidwa ndi manja otere, ife tonse tikumwa chiyani?"

Anafotokoza zonse, n'kuonjezerapo pang'ono pa kuvina kwa chilombo chija. Abusa anasiya kudya. Nawo anali ndi chawo kukhosi. Akuluakulu a mpingo, amene anaumba okha njerwa za tchalitchi abusawo asanabwere, ankawaona ngati mwana, ndipo chilichonse chatsopano chimene ankafuna kuyambitsa, a Fabiano ndiwo ankaimirira kuchikana mwaulemu, ena onse n'kumavomera ndi mitu.

"Mwachita bwino kubwera. Zisiyeni m'manja mwanga."

"Mungowaitanira pambali, osachita phokoso. Kuwaimitsa chaka chimodzi kapena ziwiri, basi."

"Ngati muli mmodzi, muli enanso, amayi. Tiwapeza onse."

Mayi Kampira anavomera. Enawo analibe nawo ntchito.

Lamulungu lotsatira anasita bulauzi yawo kawiri n'kukakhala pabenchi yachiwiri, pamalo poti nkhope ya Tionge aziiona bwino. Abusa analalikira ola lathunthu za munthu wotumikira mabwana awiri. Atatha anatseka Baibulo, anavula magalasi, n'kuuza anthu kuti asatuluke.

"Mumpingo muno muli anthu amene analowa gule. Sinditchula dzina. Aliyense amene anapita kudambwe, aliyense amene anagula njira, aimirire pamaso pa Mulungu."

M'tchalitchi munangoti zii. Khanda lina linayamba kulira, mayi wake n'kulitseka ndi bere. Kenaka kumbali ya abambo benchi inalira, a Fabiano anaimirira, atamanga batani la jekete lawo.

Mayi Kampira anayang'ana Tionge. Ankayembekezera misozi, kapena mutu kugwa pansi. Tionge anangokhala, manja ali pa buku la nyimbo, ngati munthu amene wauzidwa nkhani yoti ankaidziwa kale.

Benchi ina inalira. Ndi inanso. Anaimirira mlembi wa mpingo. Anaimirira a Chilembwe okhoma zidebe, amene anali atadutsa zaka makumi asanu ndi awiri ndipo anachita kugwira phewa la mnzawo kuti adzuke. Anaimirira mphunzitsi wa Sande sukulu. Mayi Kampira anayamba kuwerenga kuchokera kutsogolo, milomo ikugwedezeka. Asanu ndi atatu, khumi, khumi ndi atatu. Wa khumi ndi anayi anali kumbuyo kwenikweni pafupi ndi zenera, chipewa atachigwira pachifuwa ndi manja awiri.

Anali a Gervazio.

Mayi Kampira anawerenganso kuyambira kutsogolo, ngati kuti chiwerengero chingasinthe munthu.

Abusa nawo sanayembekezere kuchuluka kumeneko. Thukuta linaoneka pamphumi, koma anali atafika kale patali.

"Mubwere kutsogolo mmodzimmodzi. Mukane ntchito za mdima, ndipo munene poyera, pamaso pa mpingo wonse, zimene zimachitika kudambwe. Chobisika chikatuluka, mphamvu yake yatha. Amene sanena, mgonero asadzayandikirenso."

A Fabiano anayankha ali pomwe anaima, mawu ali pansi monga mwa nthawi zonse.

"Abusa, ine ananditenga ndi amalume ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Sanandifunse. Kwathu mnyamata wosalowa sakanatha ngakhale kupita kusukulu, njira inkadutsa pafupi ndi manda. Ndinabatizidwa ndili ndi zaka makumi awiri, ndipo chibatizidwire changa sindinapondekonso. Mukafuna ndikane, ndikana lero, mawa ndidzakananso. Koma kuulula za kumeneko pamaso pa amayi ndi ana, zimenezo sindichita. Bambo anga akadali moyo kumudzi. Ndikaulula lero, mawa nkhani yafika ku Dedza. Akadzamwalira ndidzalowa bwanji m'mudzi kukawaika?"

"Ndiye mukuopa anthu kuposa Mulungu?"

"Mulungu akuzidziwa kale zonsezo, abusa. Amene akufuna kumva ndinu."

Ena anaseka, ena anawaletsa. A Chilembwe anakweza dzanja. "Ine ngakhale mutandimenya, abusa, theka lake ndinaiwala. Koma theka lotsalalo ndipita nalo kumanda."

Phokoso linabuka. Mayi wina anakuwa kuti wakhala akulandira mgonero kwa chilombo. Mwamuna wina anamuyankha kuti denga limene wakhala pansi pake linakhomedwa ndi zilombo zomwezo. Abusa ankamenya gome ndi chikhatho. A Fabiano anadikira mpaka phokoso litatsika pang'ono.

"Sitikufuna kukangana m'nyumba ya Mulungu. Ngati tikudetsa mpingo, titulukamo."

Anatenga Baibulo lawo n'kuyamba kuyenda. Amuna khumi ndi atatu aja anawatsatira. Tionge ananyamuka, anafika pagome, anaikapo makiyi a kabati ya amayi, n'kuwerama pang'ono kwa abusa. Podutsa pabenchi yachiwiri anati, "Tsalani bwino, amayi." Mayi Kampira anayang'ana kutsogolo. Kumbuyo kwawo ankamva mapazi akukhwekhwereza pasimenti, ambirimbiri, onse akulowera kukhomo. Akazi a amuna aja anatuluka, alongo awo, apongozi awo, ndi ena ambiri amene analibe wachibale aliyense wa gule koma anangoona kumene Tionge walowera. Mapazi atatha, m'tchalitchi chotenga anthu mazana awiri munatsala anthu osakwana makumi anayi.

Kunyumba Mayi Kampira anapeza a Gervazio atakhala pakhonde akukonza wailesi yomwe sinali yowonongeka.

"Zaka makumi anayi! Zaka makumi anayi ndakhala ndikuphikira chilombo!"

"Tsitsani mawu, mayi a Davie. Chilombo chake chiti? Ine ndi mawondo angawa?"

"Gule ndi wa anthu a ku Dedza ndi ku Lilongwe uko. Inu wa ku Chikwawa munamupeza kuti?"

"Ife Amang'anja tili naye chiyambire. M'mudzi mwathu mnyamata aliyense ankalowa. Inu munakulira pamishoni, ndipo kwathu munangopitako kanayi, nthawi ya dzinja pamene gule satuluka."

"Osandiuza bwanji?"

"Zimenezo sauza mkazi."

"Ndiye munakhaliranji osangokhala pansi? Ndani akanadziwa?"

A Gervazio anaika wailesi pambali. "Ndikanakhala pansi mnzanga ataima yekha? M'minibasi muja ine ndinali wokonzeka kutsika. Anangonditsogolera chifukwa anali pafupi ndi chitseko." Kenaka anaonjezera kuti, "A Mikaili ndinakumana nawo dzana ku Limbe. Akuti Khadijah wakhala akulira chimvereni kuti mutachoka pabenchi yake munalunjika kwa abusa. Akuti iye ankangotamanda munthu, sankadziwa kuti akupereka nkhani kwa ndani. Munthu wina anakuonaninso pakhonde la ofesi ya abusa."

"Ndinachita zimenezo chifukwa cha mpingo."

"Mpando mwaupeza, mayi a Davie. Khalanipo."

Anaupezadi. Panalibenso chisankho. Abusa anangowapatsa makiyi a kabati Lachinayi lotsatira pamaso pa amayi asanu ndi awiri amene anatsala, onse achikulire. Awiri anali osamva bwino, mmodzi ankatsokomola akangofika pavesi yachiwiri.

Otuluka aja anapempha kalasi pasukulu ina yapulayiveti kumunsi kwa msewu n'kuyamba kupempherera kumeneko. Lamulungu lililonse Mayi Kampira ndi a Gervazio ankatuluka m'nyumba limodzi, kuyenda limodzi mpaka pampopi, kenaka wina kumtunda, wina kumunsi. Choipa n'chakuti sukuluyo sinali patali. Abusa akangopuma pakati pa ulaliki, nyimbo za kumunsi zinkalowa pazenera, ndipo pamwamba pa mawu onse pankamveka mawu amodzi aja. Mayi Kampira anayamba kutseka mazenera a mbali imeneyo, ati kukubwera fumbi.

Madzulo ena anamva a Gervazio akung'ung'udza nyimbo kubafa, yachilendo, yoti iwo sanaiphunzitsepo.

"Imeneyo mwaitenga kuti?"

"Kutchalitchi."

"Kukalasi, mukutanthauza. Tchalitchi chili kumtunda."

A Gervazio anapitiriza kudzithira madzi. Nyimbo inaleka.

Chimene Mayi Kampira ankadikira chinali maliro. N'zoipa kunena, koma ndi mmene zinalili. Lamulungu aliyense amaimba kwake. Pamaliro m'pamene Chimwankhunda yonse imasonkhana, ndipo mwambo ndi wodziwika: mpingo wa womwalira ndiwo umayendetsa zonse. Alendo, kaya achuluke bwanji, sayambitsa nyimbo. Amangolandira.

Mu Okutobala anamwalira Mayi Angela Sululu, mmodzi wa asanu ndi awiri aja. Maliro anali a Nyali, panalibe wotsutsa. Anthu anabwera ambiri poti malemuwo anali mzamba wakale, ndipo theka la achinyamata a m'deralo anabadwira m'manja mwawo. A kukalasi anabwera onse. Amayi awo sanavale yunifomu, anangomanga zitenje wamba n'kukhala kumbuyo monga alendo. Tionge anali pakati pawo.

Bokosi linanyamuka dzuwa lili paliwombo. Analiika pagalimoto yapikapu yoyenda pang'onopang'ono, ana a malemu atakhala m'mbali mwake. Kutsogolo kwa galimoto kunali amayi asanu ndi mmodzi ovala zoyera, ndipo patsogolo pawo Mayi Kampira. Kumanda kunali mtunda ndithu, ndipo chigawo chomaliza chinali chokwera.

Mayi Kampira anayambitsa nyimbo yodziwika, ya m'buku. Amayi awo analandira, mawu ochepa onjenjemera. Kenaka kumbuyo kwa galimoto khamu linalandira, ndipo pamwamba pake panakwera Tionge. Sanakuwe, sanatsogole, anadikira malo ake monga mlendo. Koma anthu a m'mbali mwa msewu, ogulitsa tomato ndi anyamata a kabaza, maso awo anadumpha amayi ovala zoyera n'kukafuna kumbuyo kumene mawuwo ankachokera. Mayi Kampira anaona mayi wina pa okala akukoka mnzake n'kuloza. Sankaloza iwo.

Anaidula nyimboyo itangotha vesi yachiwiri. Anayambitsa ina. Zinachitika chimodzimodzi. M'bukumo munalibe nyimbo imene Tionge sankaidziwa.

Pamene msewu unayamba kukwera, Mayi Kampira anakumbukira nyimbo ina yosalembedwa m'buku lililonse, ya Chisena, imene ankaimba ali mtsikana ku Nsanje poperekeza maliro. Mu Nyali sanaiphunzitsepo munthu. Anakoka mpweya n'kuiyamba.

Mzere woyamba unatha, panafika polandira. Palibe analandira. Amayi ovala zoyera anayang'anana. Kumbuyo kunali chete, kumangomveka injini ya pikapu ndi mapazi pafumbi. Mayi Kampira anadzilandira okha n'kupitiriza. Tsopano mawu anali awo okha mumsewu wonse, amphamvu ngati kale, akugunda m'makoma a nyumba. Mayi wa pa okala uja sakanalozanso kwina. Mtima wawo unadzaza, ndipo anayenda ataongoka kuposa mmene anayendera chaka chonsecho.

Anaimba vesi yoyamba yonse ndi yachiwiri. Koma nyimbo imeneyo inapangidwira anthu ambiri. Woyambitsa amapuma pamene ena akulandira, ndipo iwo analibe popumira. Mtunda unkakulirakulira, dzuwa la Okutobala lili pamutu, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri. Pavesi yachitatu mawu anayamba kuduka. Anameza malovu, m'kamwa munali mouma. Anacheuka pang'ono kuti aone ngati mmodzi wa amayi awo wagwirako kanthu. Amene anakumana naye maso anali mwana wamkazi wa malemu, ali pagalimoto dzanja lili pabokosi. Anali atasiya kulira. Ankangoyang'ana uku ndi uku, khamu lonselo likuperekeza mayi ake mwakachetechete ngati akukaika wakuba.

Mayi Kampira anayamba mzere wina. Pakati pake mpweya unatha. Panafika polandira, anatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu.

Kumbuyo kwa galimoto mawu amodzi analandira.

Tionge anali ataimvetsera katatu, ndipo katatu kanamukwanira. Chisena chake chinali chokhota, mawu ena ankangowalumpha, koma nyimbo anaigwira yonse, ndi pokwera pake pomwe. Anaimba polandira pokhapo n'kusiya, kudikira woyambitsa. Woyambitsa anali akupuma mwabefu. Tionge anabwerezanso polandira paja pang'onopang'ono, kuti ena amve. Amayi a pafupi naye analowa. Kachitatu khamu lonse linalowa, ndipo kumbali ya abambo kunatuluka besi yokalamba imene sinkaphonya liwu ngakhale limodzi la Chisena. Mayi Kampira sanafunike kucheuka kuti adziwe kuti anali a Gervazio, amene ankawamva akuiimba kunyumba. Mwana wa malemu anagwetsa mutu pabokosi n'kuyambanso kulira.

Mmodzi wa amayi osamva bwino aja anawagwira Mayi Kampira pamkono. "Amayi, koma nyimbo iyi ndiye yabwino! Mayi Chimtengo anaitenga kuti?"

Mayi Kampira anachotsa mkono wawo. Mpweya unali utabwerera, akanatha kuyambitsa vesi yachinayi. Khamu linamaliza polandira n'kukhala chete pang'ono, kuwasiyira malo awo. Anayenda masitepe atatu, anayi, milomo ataitseka. Kenaka kumbuyo kuja Tionge anabwerera kuvesi yoyamba, imene anaimva kamodzi kokha, ndipo anthu anailandira.

Anafika nayo mpaka pachipata cha manda, Mayi Kampira ali patsogolo pa onse, bulauzi yoyera itanyowa kumsana, osaimba.